Che Ndala, Amene Ankatikhazika pa Dothi

Che Ndala anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atalowa kale m'manda, paja Asilamu sagoneka maliro. Ine uthenga unandipeza pa msewu, dengu la matemba lili kumbuyo. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa chinangwa chowiritsa pa kamlatho, ndipo ananena akundiyang'anitsitsa kuti aone nkhope yanga itani.

"Mnzako uja wapita."

"Mnzanga wake uti?"

"Uja unamuswera dothi."

Chikanakhala chaka chatha ndikanamutayira chinangwa chakecho mumtsinje. Ndinangopalasa.

Ndinafika pamaliropo anthu akubwerera kumanda. Ndinayang'ana pa mtengo wa mango pamene alendo amatsamiritsa njinga. Zinalipo zinayi, ina ya shehe. Munthu amene anakonzera chishalo pafupifupi aliyense wonyamula nsomba kuchokera kunyanja ya Chiuta mpaka ku ya Amaramba, njinga zinayi! Enawo akuti anali ndi katundu wosachedwa kuonongeka. Matemba ouma? Bodza. Sanabwere chifukwa amati Che Ndala anali mfiti yotenga mphamvu za amuna, ndipo amene anayamba kunena zimenezo mokweza, masanasana, pamaso pa anthu, ndine.

Mawa ndi sadaka yawo ya masiku makumi anayi. Eskola, sukulu imene, ndinaisiyira kalasi yachisanu, ndiye musayembekeze zolemba zosalala. Ndikulemba chifukwa dzina la munthu likuola ndi mawu anga. Koma ndineneretu, sindikulonjeza kuti ndilitsuka liyere, chifukwa pali zina zimene ineyo mpaka lero zikundivutabe.

Anali munthu wamfupi, wouma ngati ndodo, koma akatumba a m'miyendo ngati anabwereka kwa munthu wina. Ankakhala pa mphambano pamene msewu wochokera kunyanja umakumana ndi wopita ku vila, kutauni kuja, pansi pa mkuyu, m'kachisakasa ka udzu. Masipanala awo onse anali omangidwa ndi chingwe ku nsanamira ngati mbuzi. Ukapempha kubwereka, ankakulozera nsanamirayo kuti ubweretse njinga pomwepo, ndipo ukamachoka ankawerenga masipanalawo iwe ukuona. Sankadya kwa munthu. Madzi ankamwa a m'garafa yawo yokha, kabotolo kakale ka mafuta ophikira. Ukawayamika kwambiri, ankayamba kusisita m'matumba mwawo ngati zonse zilimo. Sankakhulupirira aliyense, ndipo mwina n'chifukwa chake nafenso sitinavutike kusiya kuwakhulupirira.

Nkhope za anthu analibe nazo ntchito. Ankatidziwa chakumbuyo. Ankakhala pa benchi moyang'ana msewu, munthu akadutsa pa njinga n'kumutsatira ndi maso mpaka atazimiririka. Upereke moni usapereke, mawu ankakupeza.

"Iwe wa dengu lofiira! Chiuno chikugwedera ngati uli ku chinamwali! Tsitsa chishalo!"

Kapena kwa wina: "Mawondo akufuna kukumenya chibwano, kweza, mwana wa eni!"

Tinkaseka, komanso penapake zinkatinyansa. Mwamuna wanji wokhala tsiku lonse akuyang'ana matako a amuna anzake?

Machubu ndi matcheni sankakonza. Ankati zimenezo aliyense wokhala ndi zala angathe. Ntchito yawo inali chishalo basi. Ndipo munthu akagula njinga n'kubwera nayo, sankayamba ndi njingayo. Ankalowa m'chisakasa n'kutulutsa thabwa, pamwamba pake pali dothi lonyowa, lija amaumbira mbiya, ataliphwathalitsa ngati chigumu. Ankayalapo kansalu kopyapyala. Kenako, khala. Ukhale ndi kabudula yekha, mapazi pa njerwa, uwerame ngati wagwira handulo. Ukadzuka, pa dothipo pankatsala timaenje tiwiri. Iwo ankatenga bango n'kuyeza kuchokera pa kadzenje aka kufika pa kanzake, n'kudula. Bangolo ndilo linali muyeso wa chishalo chako.

Ankati munthu ali ndi mafupa awiri amene Mulungu anamupatsa kuti azikhalira, ndipo chishalo chabwino chimalandira mafupa awiriwo basi. Zapakati zonse zisamasenze kanthu. Chishalo chikachepa, mafupa amagwera m'mbali, ndiye thupi lonse ndi kugwedezeka kwa msewu zimatsamira pamalo osayenera. Chikakula, chimakupala ntchafu mpaka kutuluka madzi. Ndiye ankachimasula chishalocho, n'kuonjezera m'mbali ndi mphira ya tayala lakale, n'kusema kangalande pakati, n'kukuta ndi chikopa cha mbuzi. Akamanga, ankagoneka garafa ija pamwamba pake ili ndi madzi theka. Madzi akathawira kutsogolo kapena kumbuyo, ankamasulanso. Msinkhu ankayeza ndi chidendene: upondetse pa pedalo lili pansi, mwendo uwongoke koma chiuno chisapendeke.

Malamulo anali ambiri, ndipo ankawanena ngati akukukalipira pa mlandu umene sunapalamule. Sabata yoyamba usanyamule kanthu, uzingofika pa kamlatho n'kubwerera. Kupweteka kwa mafupa ndi kwa ulendo woyamba, kumatha kokha. Kupweteka kwa khungu ndi msoko wa buluku kapena uve, ndiye buluku la ganga, lomwe a ku Malawi amati jinzi, usakwere nalo, ndipo m'thumba lakumbuyo musakhale ngakhale machesi. Ukaona chulu m'mbali mwa msewu, imirira pa mapedalo magazi ayende. Ukafika kunyumba, samba ndi kusintha kabudula usanamupatse moni mkazi wako. Popalika paka mafuta a nsatsi. Koma dzanzi, ankati, dzanzi si la kupirira. Ukalimva, tsika pomwepo ngakhale nsomba zikuwole.

Mdani wawo wamkulu anali esiponja, siponji ija ya m'matiresi. Ankati ili ngati munthu wokusekerera. Poyamba umamva kukoma, kenako mafupa amamira, yotsalayo n'kutukumuka pakati n'kuyamba kukukanikiza pomwe sipafunika. Anakangana chaka chathunthu ndi mwini baraka, kagolosale ka pa mphambano pomwepo, amene ankagulitsa zokutira zishalo za esiponja, zofiira, za mphonje. Tsiku lina anang'amba chimodzi ndi mpeni pamaso pa wogula, kuti amuonetse zam'kati. Nkhani inakafika mpaka kwa sekretaryo wa mudzi. Che Ndala anapepesa chifukwa cha mpeniwo, koma za esiponjayo anakana.

Zonsezi zinali bwino. Vuto linali lakuti dothi lija sankaliphwanya.

Ankaliumitsa pa mthunzi n'kuliika pa alumali, mashelefu amene anali m'chisakasa chakumbuyo. Mizere itatu, matako a amuna a dera lonse. Panalibe dzina lolembedwa, koma ankawadziwa onse. Ankatha kunyamula limodzi n'kunena kuti ili ndi la uje, anathyoka mwendo ali mwana, taona dzenje ili lazama kuposa linzake. Ukawafunsa chifukwa chosungira, ankati iwo sadziwa kulemba, ndiye chishalo chako chikatha kapena chikabedwa, ungotumiza uthenga, akupangira china iwe uli kwanu. Zomveka. Koma nanga za akufa? Panali mwamuna wina wa ku Amaramba amene anamira pa nyanja bwato litagubuduzika, papita zaka. Dothi lake linali pomwepo, lopukutidwa fumbi. Ameneyo adzatumiza uthenga kuchokera kuti?

Ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti munthu wofuna kukuchita choipa amatapa dothi pamene wapondapo. Phazi lokha. Nanga pamene wakhalapo, utavula buluku?

Shehe anawauzapo kuti atataya zinthuzo, anthu akulankhula. Iwo anayankha kuti anthuwo akalankhula azibwera kudzalankhulira pa benchi, pali malo. Akazi awo, Abiti Saidi, amene ndi woumba mbiya, ankadandaula zina, zoti dothi lawo labwino, lokakumba kutali kudambo, likuthera pa matako a anthu osayamika.

Za kumene anaphunzira ntchitoyi ananena mitundu itatu, ndipo yonse ndinaimva ndi makutu anga. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, kuoloka Chiuta pa bwato, ndipo anabwerako mtendere utabwera. Tsiku lina anati kumeneko ankanyamula nkhuni pa njinga ya eni, matako ali zilonda zokhazokha, ndiye anakhala mwangozi pa dothi la Abiti Saidi, podzuka n'kuona maenje awiri, nzeru n'kubwera. Tsiku lina anati anawaonetsa ndi m'mwenye wina wogulitsa njinga. Tsiku lina anati analota. Nditawauza kuti nkhani zawo sizikugwirizana, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndatumidwa ndi boma.

Tsopano ya ine.

Njinga anandipatsa ndi malume nditangokwatira Rosina, kuti ndizinyamula nsomba, ndisamangokhala pa chikamwini manja lende. Kupalasa ndinkadziwa, kwa kupita kuchigayo n'kubwera, osati kwa tsiku lonse. Malume anati ndiyambe ndapita kwa Che Ndala. Ndinakhala pa dothipo anzanga akuseka.

"Wakhala ngati ukufuna kuthawa," anatero Che Ndala. "Dothi siliruma. Khala ngati kwanu."

Anandipangira chishalo cholimba ngati thabwa. Anandiuza malamulo onse aja. Ine tsiku lachitatu ndinamanga dengu n'kupita ku Amaramba. Sabata yathunthu ndizingozungulira pa kamlatho ngati wopenga, apongozi akuona? Ndinabwerako ndikuyenda ngati ndatuluka ku jando.

Pagombe pamene timadikira mabwato pali mkulu wina wonyamula nsomba dzina lake Bonifasiyo, wa pakamwa posatseka. Ameneyu ndiye anandiuza kuti madala aja amazunza anthu dala, ndingomangapo esiponja. Ndinadula pangodya pa matiresi athu, n'kumanga ndi mphira. Poti ndinkaterereka kupita kutsogolo, ndinamasula n'kudzutsa mphuno ya chishalo kuti iloze m'mwamba. Ganga sindinavule, linali buluku langa lokhalo looneka bwino. Podutsa pa mphambano ndinkaphimba chishalo ndi thumba, n'kupalasa choimirira kuti asaone.

Masiku oyamba ndinkamva ngati mfumu. Kenako dzanzi linayamba, kumalo kuja munthu satchula. Poyamba linkatha ndikatsika. Kenako linkafika mpaka madzulo. Kenako linangokhala. Mwezi usanathe, ine ndi Rosina tinali ngati munthu ndi mlongo wake. Iye sananene kanthu, ndi mkazi waulemu. Koma azakhali ake anayamba kubwera pafupipafupi, kumalowa naye m'khitchini, potuluka n'kundipatsa moni wautali, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amene anakhalapo pa chikamwini akudziwa tanthauzo lake. Mkamwini wosagwira ntchito ya m'nyumba amamuikira katundu wake panja, ndipo mudzi wonse umadziwa chifukwa.

M'mawa wina pagombe ndinakhala chammbali pa bwato logubuduza. Bonifasiyo anandiona.

"Nando, wakhala bwanji ngati nkhuku ya chitopa?"

"Zisiyeni, achimwene."

"Kunyumba kuli bwino? Alamu akuseka?"

Sindinayankhe, ndipo kusayankhako ndiye kunandigulitsa. Anasendera pafupi, koma mawu sanatsitse.

"Unakhala pa dothi, eti?"

"Tonse tinakhalapo."

"Ine ayi, m'bale wanga. Ine matako anga ndimayenda nawo, sindisungitsa kwa munthu." Anthu anaseka. "Taganiza. Madala a zaka zimene zija amakwera chitunda cha kuvila osatsika, akuimba. Iwe ukuti amapalasa ndi mphamvu za ndani?"

Wina anati n'zoona, msuweni wake nayenso anafooka atakhala pa dothipo. Wina anakumbutsa za womira uja. Ine mutu unatentha. Nsomba sindinagule. Ndinakwera njinga yopanda katundu.

Linali tsiku la merkado, la msika, pa mphambano podzaza anthu. Che Ndala anali pa benchi akusoka chikopa. Ndinagwetsa njinga, n'kusolola bomba, pampu yopopera matayala, yachitsulo.

"Mundibwezere zanga!"

Sanadzuke. "Zako ziti?"

"Mukudziwa! Mwandimanga! Mukupalasa ndi mphamvu zathu, mfiti inu!"

Msika wonse unasendera pafupi. Mawu amenewo akatuluka sabwerera, ndipo ine ndinawabwereza katatu. Ndinalowa m'chisakasa. Kumbuyo kwanga ndinamva akunena, osakweza mawu:

"Lako ndi lachitatu pa mzere wapansi. Enawo akulakwira chiyani?"

Ndinaphwanya onse. Amoyo, akufa, mizere yonse itatu. Fumbi linadzaza m'maso. Abiti Saidi anathamanga kuchokera kunyumba akulira, akunditukwana m'Chiyao, mawu ena ndinawamva ena ayi. Nditatuluka ndikupuma ngati ng'ombe, Che Ndala anali atadzutsa njinga yanga. Anachotsa thumba lija. Anayang'ana esiponja, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana buluku langa. Anatulutsa mpeni, ndipo anthu ena anabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndi wa ine. Anadula mphira, esiponja n'kugwa pansi yakuda ndi thukuta. Kenako anagoneka garafa pa chishalo. Madzi onse anathawira kumbuyo.

"Taonani," anatero kwa anthu. "Taonani mmene mphuno yadzukira. Mwanayu wakhala akukhalira mpeni."

Palibe anayang'ana. Amuna anali atadzazana m'chisakasa, akugwada, akufufuza m'zidutswa, aliyense kufuna lake kuti aliike m'thumba. Ena anakangana pa chidutswa chimodzi.

Che Ndala anakokera njingayo ku nsanamira, n'kumasula, n'kuwongola, n'kuyezanso ndi garafa mpaka madzi atagona bwino. Anamaliza. Anandipatsa handulo m'manja.

"Masabata awiri usakwere. Uziyenda pansi. Gangayo ukavule." Anatola singano yawo. "Uchira. Ukachira, anthu awa adzakufunsa chimene chakuchiritsa. Yankho lako lidzandipeza pompano."

Ndinachira. Sabata yachiwiri isanathe, dzanzi linachoka, m'nyumba munabwerera mtendere, azakhali anasiya kubwera. Ndiye apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Dothi linaphwanyidwa ndipo chishalo chinawongoledwa tsiku limodzi, ola limodzi. Chinandichiritsa n'chiti?

Pagombe anandifunsadi. Ndikanati chishalo, ndikanavomera kuti ndinaphwanya ntchito ya zaka za munthu wamkulu chifukwa cha kusamva kwanga, ndi kuti ndinadula matiresi a mkazi wanga ngati chitsiru. Ndinangoseka. Bonifasiyo anandiyankhira.

"Mukufunsanso? Waphwanya, wamasuka!"

Ndinasekanso. Basi. Ndi chimene ndinachita.

Rosina ataima, nkhani inatha kuweruzidwa. Mwana atabadwa, wamkazi, amayi obwera kudzamuona ankamunyamula n'kunena kuti uyu ndiye uja anali pa alumali. Mwana wanga weniweni anasanduka umboni. Anthu anasiya kupita pa mkuyu. Ogula njinga zatsopano ankalambalala, n'kukagula zofiira zija pa baraka. Che Ndala ankakhalabe pa benchi, akukuwira odutsa kuti tsitsa, kweza, koma tsopano amuna ankalavula malovu n'kupalasa mwamphamvu, ena n'kuphimba kutsogolo kwawo ndi dzanja. Patapita miyezi anasiya kukuwa. Ankangotitsatira ndi maso.

Tsiku lina tinapita ndi mwana kusikelo ku posto, kachipatala kathu, ndipo ndinadikira anthu atachepa n'kufunsa namwino wamwamuna, ngati kuti ndikufunsira mnzanga. Anati inde, chishalo chikamakanikiza pakati nthawi yaitali chimatseka njira za magazi ndi mitsempha, ndipo oyamba kumene kupalasa maulendo ataliatali ndi amene zimawachitikira. Anati mnzangayo awongole chishalo, apumule. Mawu a Che Ndala enieni, kungosiyana malaya. Ndinapita nawo pagombe. Ndinanena zonse, za esiponja, za mphuno, za thumba lophimbira. Bonifasiyo anamvetsera akutokosa m'mano.

"Namwino wakoyo anakhalapo pa dothi?"

"Ayi."

"Ndiye akudziwa chiyani? Kapena madala akutembenuza? Anyamata, muyang'aneni m'maso uyu, amudyetsa."

Ndinamumenya chibakera cha pakamwa. Anagwera m'matemba a eni. Zinangoipiraipira. Kuyambira tsiku limenelo amati Che Ndala anali ndi mphamvu moti ngakhale amene anawaulula anamubweza kukhala galu wawo.

Kwa Che Ndala ndinapitako kamodzi kokha, mwezi umodzi asanamwalire. Ndinatenga makumba awiri ouma bwino. Ndinawapeza atafunda chikhoti dzuwa likuswa, akutsokomola. Nsombazo sanazikhudze, anangoloza ndi chibwano kuti ndiziike pa benchi. Maso awo anapita pa njinga.

"Chikopa chauma. Uzipaka mafuta."

"Ndipaka."

"Mwana?"

"Ali bwino. Wayamba kukhala."

"Ndiye chinakuchiritsa n'chiyani?"

"Chishalo."

"Wayamba wameza malovu," anatero. "Ndakuona pakhosi."

Zinali zoona. Ndinakwiya chifukwa zinali zoona, ndiye ndinafunsa chimene chinkandidya, za womira uja, chifukwa chimene ankasungira dothi la munthu wakufa. Anatsokomola nthawi yaitali.

"Ankakhala pamene wakhala iwepo, tsiku lililonse akamachokera ku vila. Thupi lake silinapezeke. Manda alibe. Ukanakhala iwe ukanataya?"

Ndinayang'ana kumbali, m'chisakasa, ndipo pa alumali yopanda kanthu ija panali chinthu chimodzi. Pa mzere wapansi. Zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zolumikizidwa ndi dothi latsopano, ming'alu ikuoneka, timaenje tiwiri.

"Ilo ndi la ndani?"

"Lako. Ndinalitola anzako asanalipondeponde."

"Chifukwa chiyani?"

"Chishalo chako chidzatha."

Tsopano mundimvetse. Mutu wanga unandiuza kuti uwu ndiye umboni: dothi langa lakhala kwa iwo nthawi yonseyi, ndipo ine ndili bwinobwino, mwana ali kunyumba. Koma msana wanga unazizira kuyambira m'khosi mpaka pansi. Munthu amene ndinamutcha mfiti pamsika, wagwada, watola matako anga m'fumbi, wawalumikiza, wawasunga. Chikondi chimenecho? Kapena chiyani? Ndinafuna kulipempha, ndinaopa kuti aona kuti ndikuwakayikirabe. Ndinafuna kulisiya, ndinaopa kulisiya. Iwo ankandiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti zonsezo anaziona. Ndinatsazika. Podutsa pa mphambano mawa lake, nsomba zija zinali zidakali pa benchi, nyerere zitazizinga.

Atamwalira ndinafunsa Abiti Saidi za dothilo. Anati sakudziwa, iwo m'chisakasamo anasiya kulowa tsiku limene ndinalowamo ine. Ndinakayang'ana ndekha. Palibe.

Sabata yatha ndinapita kudambo kumene Abiti Saidi amakumba, ndinabweretsa dothi, ndinaliponda, ndinaliphwathalitsa pa thabwa lawo lomwe lija. Ndinalengeza pagombe kuti aliyense wofuna chishalo abwere pa mkuyu, ndimuyeza mmene ankayezera Che Ndala, ndipo dothilo atenga yekha kupita nalo kwawo. Ndinaganiza kuti akakhalapo mmodzi, awiri, n'kuona kuti palibe chawachitikira, dzina la madala liyamba kubwerera. Pali anyamata atatu amene agula njinga mwezi uno, onse akuyenda chotang'aza. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Mmodzi anafunsa kuti, "Nanga inu mwakhalapo kale pa latsopanolo?" Ndinamuuza kuti ine muyeso wanga ndili nawo.

Dzulo ndinadutsa pa mphambano. Udzu wa chisakasa wayamba kusololedwa ndi mphepo mbali ya kunyanja. Masipanala anatenga ndi mphwawo, zingwe zokha ndi zimene zikulendewera pa nsanamira, chilichonse ndi mfundo yake kumapeto. Amayi ogulitsa tomato asendeza malo awo kupita tsidya lina la msewu, ngakhale mthunzi wonse uli kuno. Nkhuyu zikugwa, zikuwolera pa benchi, palibe wozisesa. Njinga zikafika pamenepo zimakhotera dala kumbali, moti matayala apanga kanjira katsopano kozungulira, udzu n'kuyamba kumera pamene panali njira yakale.

Thabwa lili pamene ndinalisiya, njerwa ziwiri patsogolo pake. Dothi lauma, lang'aluka m'mbali. Pamwamba pake padutsa nkhuku, mapazi ake akuoneka. Kupatula apo ndi losalala. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, njinga ili m'manja, popanda wondiona ngakhale mmodzi. Madzi onyowetsera ndinali nawo. Sindinakhalepo.